Nkhope ya Bwana Yakhalira Batani

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Nyenyezi Digito,
Lusaka.

Olemekezeka Bwana,

Ine ndine Gwendolyn Sakala, mayi wamba wotaipira anthu makalata m'kashopu ka ku Nangongwe kuno ku Kafue. Ndalemba mogwada, kuthokoza kuti munakongoletsa webusaiti ya koleji ya anamwino kumene Zione, mwana wa mng'ono wanga, akufuna kukaphunzira. Kulandira mafomu kutha Lachisanu lino. Ya Zione sinapite, ndipo ulemu wonse ndi wanu.

Webusaiti yakale inali yochititsa manyazi, ndikuvomera. Zilembo zakuda, tsamba loyera, basi. Munthu ankalemba dzina, kudina, n'kupita kukagula ndiwo osasangalatsidwa n'komwe.

Choyamba, zikomo chifukwa cha vidiyo yoonetsa koleji kuchokera m'mwamba ngati tili m'ndeke. Kompyuta yanga, ya sikirini yalinunda kumbuyo ija, imene anthu kuno amaitcha Sitima ya Katundu, imabuula mphindi makumi anayi kuti vidiyoyo itseguke. Pano malata onse a kolejiyo tikuwadziwa, ngakhale adzimbiri a kukhitchini.

Chachiwiri, kabokosi kofufuzira kaja n'kaulemu kwambiri. Ndinalembamo kuti "fomu", kanandipatsa zithunzi zanu khumi ndi zinayi mukudula riboni. Suti yabuluu ija imakukhalani, Bwana. Fomuyo tinaipeza tsiku lachitatu, Zione atadina mwangozi pa chithunzi cha mtengo wa mango.

Chachitatu ndicho chandigwira mtima. Titalemba zonse, tinafuna batani lotumizira. Lilipo ndithu, m'mphepete mwake mukuoneka, koma pamwamba pake pakhala nkhope yanu yomwetulira ikufunsa kuti, "Ndingakuthandizeni?" Tikatsitsa tsamba, inunso mumatsika nalo. Pafoni ndiye mumadzaza sikirini yonse. Sindinaonepo bwana wokonda kukhala pafupi ndi anthu chotere.

Nkhaniyi ndinaitula pagulu lathu la pa intaneti la akatswiri a makompyuta. A Maybin, okonza mafoni pamsika, anayankha msangamsanga: "Amai, iyo mashini ni ya mu myuziyamu. Ikanimo pulogalamu ya Linaksi chabe." A Maybin ngakhale mutawauza kuti mutu ukuwawa, mankhwala ake ndi omwewo. A Whiteson, amene anapuma ntchito ya ukalaliki kunjanji, anakwiya: "Ise tenze na sikirini ya girini, sinakanepo olo kamozi. Imwe bana mwaononga intaneti!" A Joyce, ali pa sikirini yawo yotambalala ngati chitseko ku Lusaka, anangolemba kuti, "Kwa ine isebenza bwino."

Mauthenga anafika mazana atatu. Anakangana za mtundu wa zilembo, za chaka chimene kufufuza pa intaneti kunaonongeka, ndipo awiri anatuluka m'gulu atatukwanizana. Batani lokha palibe analifikira. Ine ndinaseka mpaka misozi, koma Zione sanaseke. Anandifunsa kuti, "Ba anti, nizankala nesi olo nizagulisa chabe tomato?" Pamenepo mtima unandipweteka, chifukwa mwanayu anakhoza bwino ndipo wadikira mwayi umenewu zaka ziwiri.

Choncho, Bwana, pempho langa n'laling'ono. Sindikuti muchotse vidiyo kapena suti yabuluu, ndine ndani ine? Ndikungopempha kuti Lachisanu lisanafike musunthe nkhope yanu pang'ono, zala ziwiri zokha, chakumanzere.

Mukatanganidwa, sitidzasunga mangawa. Tsiku lina mukadzadwala muli paulendo kuno kwathu, namwino n'kusowa pachipatala, ine ndi Zione tidzabwera kudzakuzondani. Tidzasindikiza chithunzi chanu chija, chamitundu, n'kuchipachika pamwamba pa bedi kuti chizikufunsani ngati chingakuthandizeni.

Ine wanu wodzichepetsa,
amene nkhope yanu ndaiona kuposa ya mwamuna wanga sabata ino,

Gwendolyn Sakala
Nangongwe, Kafue