Tsiku Limene Ndinalowa M'waya Kukakumana ndi Fayawolo

Iwe mphwanga wa ku Chibanja, ukusekerera chiyani? Amene akuti ndikunama atuluke pompano, asandithere mpweya. Ine Mkandawire, yunivesite ikuyamba kumene kukula, Mzuzu akadali matope okhaokha, makompyuta onse ankanjenjemera akamva nsapato zanga.

Tsiku lotseka kulembetsa ophunzira, mwana wa mlongo wanga, Tiwonge, anafika kuchokera ku Nkhata Bay, ndipo akanapanda kulembedwa tsiku lomwelo malo ake akanapita kwa wina. Koma makalaliki akangopita kukamwa tiyi, pobwera ankapeza kompyuta yasiya kulankhulana ndi detabesi, nkhokwe ya mayina ija. Ayatsenso, igwire, wina apite kukapemphera, yadukanso! Mzere unachoka pa ofesi, unakhota pa Katoto, womaliza anaima ku Mzilawaingwe mvula ikumukwapula. Mukumva?

Ndinavula jekete, ndinakoka mpweya, ndinalowa m'waya wa kompyutayo chamutu, pali Mulungu, ndinasambira pakati pa mayina a anthu, ena akundikola m'ndevu, mpaka ndinafika pa chipata pokhala fayawolo, mlonda wa netiweki, chimunthu cha maso ofiira, chikwanje kumanja, chikudula njira iliyonse yopita ku detabesi yomwe yakhala chete.

Ndinati, "Adada, mukuduliranji?"

Chinati, "Akhala osalankhula, ndiye kuti amwalira."

Apa ndinapsa mtima chomene, koma osati ndi mlondayo. Makompyuta aja anali osaleredwa, ankalankhula pokhapokha akafuna kanthu, ngati neba wobwera mchere ukamuthera. Kwathu kuno sudutsa mnzako osamulonjera, ngakhale munaonana m'mawa womwewo. Ndinatuluka m'wayamo tsitsi likufuka utsi, ndinaigwira khutu kompyutayo, ndinaiphunzitsa mwambo: kaya pali ntchito kaya palibe, pakapita kanthawi izifunsa, "Mwatandala uli?" detabesi iziyankha, "Tatandala makola, yewo." Mlonda atamva moni akudutsadutsa anaika chikwanje pansi, anagwada n'kuwomba m'manja.

Njira sinadukenso. Detabesi inakondwa mpaka inalemba mzere wonse kamodzin'kamodzi, n'kulembanso wakabaza yemwe anangobweretsa katundu. Dzina la Tiwonge linatuluka loyamba, mlongo wanga analira ndi chimwemwe, ndipo ine kunyada kwa tsikulo sikunandichokebe.

Tiwongeyo pano ndi nesi. Tsiku limene malungo adzakugwetse, udzamuuze wekha kuti amalume ake ndi abodza, jakisoni ali m'manja.