Kufunira mdzukulu dzina la Chihebri

Lolemba
Mdzukulu wabadwa! Mwamuna, mwana wa Yotamu wanga, kuno ku Kanyama. Mchombo ukagwa, wopereka dzina ndine. Za Gift ndi Blessing ayi, adzaza kale komboni. Abusa anatiphunzitsa mayina a Mulungu a Chihebri, ndinawalemba kuseri kwa kalendala:
Elohimu, Mlengi.
El Shadai, Wamphamvuzonse.
Yehova Yire, wopatsa.
Yehova Rafa, wochiritsa.
El Roi, Mulungu wondiona.
Mayina asanu, mwana mmodzi!

Lachiwiri
Ndasankha Elohimu. Akazi anga, amake Yotamu, akana. "Akakaba shuga muzakamba kuti Elohimu bwela kuno nikumenye?" Ndaseka mpaka chifuwa. Koma akunena zoona. Ndafufuta.

Lachitatu
El Shadai! Ndikuliyeserera posamba, likukoma m'kamwa. Kufika pamsewu, lalembedwa kumbuyo kwa minibasi ya ku Chawama, yafa, anthu akuikankha m'matope. Mdzukulu wanga azitchedwa ngati chimenechi? Yire nayenso ali pa saluni, pa butchala, ngakhale pa wilibala ya makala. Ndafufuta awiri.

Lachinayi
Bwanji ndifunse mwini wake? Ndavala jekete la ku tchalitchi, ndamunyamula, ndamunong'oneza kuti Rafa. Wandiyang'ana. Wandikodzera. Mwana wavota!

Lachisanu
Watsala El Roi. Ndapita kwa abusa. Akondwa, akuti analitchula ndi Hagara ali yekha m'chipululu, ataona kuti Mulungu sanamuiwale. Lokoma bwanji! Kenaka akuti dzinali lili ndi mwini wake, si la munthu. Akutinso El Roi anamuona amene anachotsa kalendala pakhoma la tchalitchi. Ndatsanzika msanga.

Loweruka
Mchombo wagwa! Abale abwera mawa tikaweruka mapemphero, ine dzina ndilibe. Ndatsegula Baibulo nditatsinzina, chala chagwera pa Yudasi. Ndatseka. Jekete silinaume.

Lamulungu
Nyumba yadzaza. Ndaimirira kuti ndipepese. Mpongozi akutulutsa khadi la ku sikelo: dzina analemba kale Lolemba lomwe lija. Dzina langa. Langa lenileni, lopanda Chihebri ngakhale pang'ono! Analisankha ndi amake Yotamu. "Ili ndiye tinazolowela kulikalipila," akutero akazi angawo. Onse akuseka. Ine maso anyowa, ndikuwauza kuti ndi fumbi la Kanyama.
Basi, okalipiridwa tikhala awiri. Kalendala ndikabweza mawa.