Zithunzi za Anzanga a ku Sekondale

Mpaka lero, ku likulu kwathu akamaphunzitsa antchito atsopano za kusamala ndi maimelo, amapereka chitsanzo cha "bambo wina wa ku Nsaru." Dzina satchula, koma ofesi ya ku Nsaru ndimagwiramo ndekha.

Bungwe lathu limagula mtedza ndi soya kwa alimi. Atandisamutsira kuno kuchokera ku Mulanje, banja linatsala kumudzi chifukwa cha sukulu ya ana. Nyengo yogula mbewu ikatha, ofesi imangoti zii. Ndimatsegula chitseko, kupukuta fumbi patebulo, kenaka n'kumaonerera maminibasi akulimbirana anthu. Mlendo wanga wa masiku onse inali nkhuku ya aneba (nayonso sinkakhalitsa).

Tsiku lina m'mawa mukompyuta munalowa imelo. Inkati anzanga a ku sekondale anakumana, ndipo anditumizira zithunzi. Wotumiza anali Gift. Kunena zoona sindinkakumbuka Gift aliyense, koma ndi kalasi iti imene munalibe Gift? Mtima unangoti myaa. Ndinati kani alipo amene amandikumbukira.

Ndinadina pa fayilo ya zithunzizo. Kompyuta inatulutsa chenjezo lofiira, kufunsa ngati ndikumudziwa wotumizayo. Ndinavomera. Inafunsanso ngati ndatsimikizadi (ngakhale ankhoswe sanandipanikize chonchi), ndinavomeranso. Zithunzi osabwera. Ndinadinanso, poganiza kuti ndi vuto la netiweki. Posakhalitsa kompyuta inayamba kulira ngati chigayo, ndipo chilichonse chimene ndinkadina sichinkayankha.

Foni inalira. Anali mayi Phiri, oyang'anira makompyuta ku likulu. Anandiuza kuti pulogalamu yawo yolondera makompyuta onse a bungwe yaona kuti fayilo imene ndatsegula yadzutsa vayirasi, ndipo ikutumiza zinthu kunja.

"Bambo, zulani chingwe cha intaneti pompano. Kompyutayo musazimitse."

Ndinagwada pansi pa tebulo n'kuzula chingwe mwamphamvu. Chimene chinazima inali ketulo. Pamene ndinkapeza chingwe chenichenicho n'kuti vayirasi itatumiza kale imelo yomwe ija, m'dzina langa, kwa aliyense amene ndinalemberanapo naye.

Apa m'pamene foni yanga inagwira ntchito imene inagulidwira. Anayamba ndi abwana, mawu ali pamwamba. Kenaka mnzanga wa ofesi ya ku Kabudula, wina wa ku Namitete, wogulitsa matumba, ngakhale mkulu wina amene tinangokumana pamsonkhano kamodzi. Ena ankakalipa, ena ankadandaula kuti zithunzizo zikukana kutseguka. Ndinkapepesa, kuwachenjeza kuti asadine, koma ndinadzidabwa kuti sindinkafuna kuti adule msanga. Munthu akutukwana, ine n'kumufunsa kuti nanga ana ali bwanji.

Alamu anga, omwe amagwira ntchito m'tauni, okha ndi amene sanapusitsike. "Ine ndinadziwiratu kuti ndi bodza," anatero. "Inuyo alamu, anzanu oti n'kujambulitsa nawo mwawapeza liti?" Ndinaseka nawo, n'kudula foni.

M'mawa mwake mayi Phiri anabwera pagalimoto ya bungwe. Anafufuta zonse mukompyuta n'kuikamo zatsopano, n'kundisinthitsa mawu achinsinsi. Anandionetsa kuti fayilo ija sichinali chithunzi n'komwe, inali pulogalamu yongopatsidwa dzina la chithunzi, ndipo adiresi ya Gift inali zilembo zosawerengeka. Kenaka anandifunsa, mosakalipa, chifukwa chimene ndinavomerera machenjezo onse aja.

Ndinati ndinkafuna kuona mmene anzanga akalambira.

Anayang'ana mpando wa alendo umene unali ndi fumbi, anaupukuta ndi mpango wawo n'kukhalapo. Tinamwa tiyi ndi zigumu, akundifotokozera za mwana wawo wokana sukulu. Ponyamuka anandiuza kuti imelo iliyonse imene ndikuikayikira ndisatsegule, ndiziyamba ndawaimbira.

Malangizo amenewo ndimawatsatira kuposa wantchito wina aliyense. Sabata yatha ndinawaimbira, n'kuwawerengera mutu wa imelo ndi dzina la wotumiza.

"Bambo, imeneyotu ndi ya abwana anu. Itseguleni."

Ndinkadziwa kale. Ndinawathokoza, ndipo asanadule ndinafunsa ngati kumeneko mvula yayamba.