Loko wa Shuga

Dilu yonse inaphikidwa m'bala mwanga Lachinayi masana, pa tebulo la pakona logwedera mwendo lija. Ine ndinkangopukuta matambula, koma khutu lilibe chitseko.

Anali atatu. Woyamba Jenerali, amene nkhondo yokha imene anamenyapo ndi ya iye ndi mkazi wake, ndipo anagonja. Wachiwiri Makutu, kazitape wa gululi, womva zonse koma mwatheka. Wachitatu Supuni, amene anatsukapo mbale kuhotela miyezi iwiri, basi mpaka lero amati tizimutcha shefu.

"Nyumba ya katundu ya kuseri kwa siteshoni ija," anatero Jenerali akujambula mapu ndi chala chonyowa mowa, "muli mafoni mpaka kudenga. Lamulungu masana mabwana onse kulibe. Pageti pamatsala madala amodzi okha."

Madalawo tonse timawadziwa. Akhala akulondera pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri osabetsa ngakhale msomali, ndipo abwana awo anawauziratu kuti tsiku limene chidzasowe chinthu, asiye chipewa pageti azipita. Pa msinkhu umenewo angawalembenso ntchito ndani?

"Ndawamva kometetsa akudandaula," anatero Makutu. "Lamulungu lomweli akukwanitsa zaka sikisite, ndipo ati ana awo sanawakumbukirepo tsiku lobadwa ngakhale kamodzi."

Jenerali anamenya tebulo. "Ndiye zake zimenezo, aise! Tiwakumbukira ndife. Supuni, upange switi. Tithiramo mankhwala ogonetsa a apongozi ako aja. Madala akangoluma, gone! Ife tizinyamula ngati tikusamuka."

Ine ndinangoseka chamumtima. Anthu amenewa anakanikapo kuba nkhuku yomanga kale miyendo.

Loweruka, monga ndinadzamvera pambuyo pake, anasonkhana kukhitchini kwa Supuni, mkazi wake atapita kwa achemwali ake. Shuga, mkaka, batala, zonse m'poto wa alendo amene mayiyo salola munthu kumugwira. Ulendo woyamba zinapserera, utsi tolotolo, mpaka aneba anabwera ndi ndowa. Ulendo wachiwiri zinauma gwa! Makutu atati alawe, dzino linatsala momwemo.

"Ingoumbani chibulunga tizipita," anatero Jenerali.

"Chibulunga?" Supuni anaika chikombe pansi. "Ine? Munthu akukwanitsa zaka sikisite mukampatse chibulunga ngati mukudyetsa galu?"

Apa ndiye panayambira vuto. Ulendo wachitatu zitachita bwino, shefu uja anadzuka mwa Supuni. Anaumba loko wamkulu ngati mbale, wa khosi lopindika bwinobwino, kabowo ka kiyi nkuboola ndi mchira wa supuni. Pambali anaumbanso kiyi wake. Pamwamba analemba ndi chotokosera m'mano kuti MLONDA WATHU. Pamene Jenerali ankathiramo mankhwala aja, Supuni anatembenukira kukhoma, ati sangaonerere ntchito yake ikuipitsidwa.

Lamulungu dzuwa lili paliwombo, ndi awo pageti, malaya opisira, bokosi la riboni lili m'manja mwa Supuni. Jenerali anakolekera chikwama cha zitsulo kumsana. Anaimba nyimbo ya tsiku lobadwa aliyense ndi tchuni chake.

Mlonda anatuluka m'kanyumba kake atagwira chibonga. "Mukufuna ndani?"

"Inuyo, bambo," anatero Jenerali. "Ndife achinyamata a m'dera lino. Tati tikuthokozeni potisungira mtendere."

Madala anatsegula bokosi. Anayang'ana loko, nawerenga mawu aja pang'onopang'ono. Kenako anakhala pansi nalira, misozi yeniyeni, mpaka Makutu anayang'ana kumbali.

"Ana anga," anatero akupukuta ndi chipewa, "chibadwire sindinalandirepo mphatso. Khalani, khalani pa benchipa."

"Lawani kaye, bambo," anatero Jenerali. "Lumani chachikulu."

"Ha! Ndikanakonda. Koma ndili ndi matenda a shuga, adokotala anandiletsa ngakhale wa mu tiyi."

Jenerali anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana Makutu. Makutu anayang'ana nsapato zake.

"Koma zisatayike," anapitiriza mlonda akutulutsa kampeni. "Idyani inu m'malo mwanga. Ine ndikhuta poona."

"Ayi, ife tadya kale."

"Mwadya kale?" Madala anaimika mpeni. Dzanja lina linapita pa wezulo wa pakhosi, osati mwaukali, mwachizolowezi chabe. "Mwapanga nokha, nokha nkukana? Kapena sichikukoma?"

Mawu amenewo ndi amene anagwetsa gulu.

"Sichikukoma?" Supuni anaimirira. "Changa? Bambo, ndaima pamoto tsiku lathunthu!" Anathyola khosi la loko, nkuliponya mkamwa. Anatafuna, natsinzina. "Mwamva? Chikusungunuka chokha!"

Makutu anapatsidwa kiyi. Anati angonyambita, koma zinthuzo zinali zokomadi, abale, ndipo mutu wa Makutu susunga zinthu ziwiri nthawi imodzi. Anamaliza kiyi, napempha china.

Jenerali, monga shasha, anabisa chake m'tsaya kuti akalavule madala akayang'ana kumbali. Koma madala sanayang'ane kumbali. Anamugwira dzanja.

"Iwe ukuoneka ndiwe mtsogoleri. Tayankhula mawu awiri, anzanga amayankhuliridwa pa tsiku lotere."

Munthu ungayankhule bwanji tsaya lili tutumu? Jenerali anameza. Ndipo poti pakamwa ndi pomwe pali mphamvu zake, anayankhuladi: za kukhulupirika, za achinyamata a masiku ano osafuna ntchito, za mbava zimene zikuononga dziko. Madala ankangovomera, uku akumudulira china.

Woyamba kugwa anali Makutu, mutu paphewa la Supuni. Supuni anatsatira akufotokoza kathiridwe ka batala. Jenerali analimbalimba, nanong'oneza kuti, "Gulu... tibwerere..." koma gulu linali likuliza mkonono. Anayenda mapazi atatu, nakhala pansi mwaulemu, nagona chafufumimba pageti penipeni.

Mlonda anaganiza kuti ndi dzuwa. Anawatchingira ndi makatoni, nayamba kuwakupiza ndi chipewa. Pofuna kumtsamiritsa Jenerali, anakoka chikwama chija, ndipo munagwa chitsulo chokanulira zitseko, sowo yodulira maloko ndi matumba asanu ndi limodzi opindapinda. Akuti madala anaziyang'ana nthawi yaitali ndithu asanaimbe wezulo.

Atatuwo anadzuka Lolemba m'chitokosi, milomo ili nyatanyata. Mkazi wa Supuni anali atafika kale, osati kudzamuona, koma kudzafunsa za poto wake.

Ine ndinaitanidwa kupolisi kuti ndikanene zomwe ndinamva, ndipo ndinawapeza madala pa kauntala. Abwana awo anali atawagwira chanza, ntchito ili m'manja, katundu yense ali m'malo. Koma nkhope yawo sinali ya munthu wopambana. Anandimvetsa chisoni, ndisaname.

"Mwachita mwayi, bambo," anatero wapolisi akulemba. "Mukanaluma, bwenzi lero muli pa ulova."

"Ndikudziwa, mwana wanga." Anapotokola chipewa m'manja. "Koma wophika uja, pa pepala lanulo mwalemba tsiku lake lobadwa?"

"Talemba. Bwanji?"

"Tandiuzani. Kundendeko kulibe amene adzamukumbukire."