Sipageti amene ndinaphikira apongozi

Mpaka lero ndikaona sipageti m'sitolo ndimayang'ana kumbali, ndipo ana anga amayesa kuti amandipweteketsa m'mimba. Si m'mimba ayi. Ndi manyazi, ndipo lero ndati ndiulule.

Nthawi imeneyo ndinali mkamwini ku Mphunzi, kwawo kwa mkazi wanga Rozina. Ndinali nditangopeza ntchito yodula mitengo ya paini kuphiri la Dedza, yoti ndikayambe Lolemba, ndipo kanyumba anali atandipatsa kale. Chotsala chinali chilolezo chotenga Rozina kukakhala naye kumeneko. Amalume ake anavomera, koma anati mawu omaliza ali ndi mayi ake, aNachisale. Apongozi angawo anakanitsitsa. Ati mwana wawo ndi woyembekezera, nanga tsiku limene adzalephere kudzuka pamphasa adzamuphikira ndani kuphiriko, poti mwamuna wake sadziwa ngakhale kuphika mbatata? (Mbatata ndinkadziwa. Zinangopserera kawiri basi.)

Mawuwa sanandiuze pamaso. Inu a masiku ano simungamvetse: mkamwini ndi apongozi ake aakazi sitinkayang'anana, sitinkayankhulana. Tikakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Uthenga wonse unkadzera mwa Rozina.

Ndiye Lachinayi ndinathandiza wansembe wina wachizungu wa kuparishi kwathu kuchotsa mtengo umene unagwera pamsewu. Pothokoza anandipatsa paketi ya timitengo tachikasu, toonda ngati udzu wa tsache.

"Uyu ndi sipageti," anatero wansembeyo. "Mphindi khumi zokha, wapsa. Tomato, anyezi, basi. Nyama ayi, ino ndi Lenti."

Ine ndinagwedeza mutu ngati munthu wokulira pa sipageti. Kufunsa kaphikidwe kake? Ayi ndithu. Mumtima ndinkangoti, apa ndiye apongozi aona okha.

Lachisanu m'mawa ndinapita kumsika kawiri, chifukwa ulendo woyamba ndinaiwala khadi la chipani ndipo anandibweza pachipata. Pofika kunyumba ndi tomato ndi anyezi wangayo, mtima unali utawira kale. Ndinasonkha moto pabwalo penipeni kuti mudzi wonse uchitire umboni.

"Kodi mukudziwa kaphikidwe kake?" anafunsa Rozina.

"Iwe khala pamphasa, usanene kanthu. Mphindi khumi."

Ndinatenga kamphika kadothi, ndinathiramo madzi ozizira pang'ono, ndi kuimikamo timitengo tonse nthawi imodzi. Theka linalowa, theka linatsala kunja litayang'ana kumwamba. Apongozi anali kuseri kwa nkhokwe, atandifulatira monga mwa mwambo, akusadzula nkhwani. Mwadzidzidzi ndinawamva akukalipira nkhuku.

"Nkhuku iwe, choka apa! Anthu ena amayamba adikira madzi awire. Ndipo amatenga mphika waukulu, ndi kuthiramo mchere."

Ndinamva bwinobwino. Koma kusintha mphika kukanakhala kuvomera kuti ndikumvetsera mawu a apongozi, chinthu chimene mkamwini waulemu sachita poyera. Komanso, ndinene zoona, ndinadzifunsa kuti mayi wa ku Mphunzi angadziwe chiyani za sipageti. Ndinaonjezera nkhuni.

Malawi anakwera m'mbali mwa kamphika kaja ndi kugwira nsonga za timitengo tija. Abale inu, chakudya changa chinayaka ngati muuni! Ndinazimitsa ndi chipewa, ndi kukankhira zotsalazo pansi ndi chala (chipsera chake chilipo, ndingakuonetseni). Madzi anaphwa. Ndinathira ena ozizira. Anaphwanso. Za pansi zinali zitasungunuka, za pamwamba zikadali zolimba ngati minga. Apa dzanja langa linachita chimene dzanja la Mchewa aliyense limachita likaona zinthu zikulimba mumphika: linatenga mthiko ndi kuyamba kuvundula.

"Nkhuku iweee!" Mawu a kuseri kwa nkhokwe aja tsopano anali akunjenjemera. "Zimenezo savundula, si ufa! Amachita kukhetsa madzi, tomato nkukazinga padera!"

Nkhukuyo inali itapita kalekale kwa aneba. Amayi awiri ochokera kumjigo anatula ndowa zawo kuti aone bwino.

Belu la kutchalitchi la masana linalira ine ndikadali pa mphindi khumi zanga zija. Thukuta lili kamukamu, utsi uli m'maso, ndinangoponyeramo tomato ndi anyezi wosaphika, kenako nsinjiro dzanja lonse poti mafuta ndinaiwala kugula. Ndinavundulanso. Pomaliza ndinaomola ndi chipande, ndipo chinthucho chinatuluka chathunthu, chotuwa, cha mawanga akuda, ndi kukhala tsonga pambale osagwedera.

Rozina anali atadziphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. "Ndiwatengere amayi zimenezi?"

"Tenga. Kwa azungu zimaoneka choncho."

Anapita nazo kuseri kwa nkhokwe. Kenako ndinamva chifuwa, ndi mawu ofooka opempha madzi akumwa. Rozina anabwera ndi mbale ili chidzazire.

"Alawa," anatero. "Koma inu, simudziwa kuti amayi anagwira ntchito yophikira masisitere kumishoni ine ndisanabadwe? Sipageti ankaphika Lachisanu lililonse."

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Munati ndikhale pamphasa, ndisanene kanthu."

Ndinakwiya ndi Rozina, ndinakwiya ndi wansembe uja, ndinakwiya ndi nkhuku yomwe. Koma pansi pa mkwiyowo panali chisoni chenicheni, chifukwa ndinadziwa kuti kuphiri ndikupita ndekha, ndipo mwana wanga woyamba ndizidzangomumva m'mauthenga. Loweruka ndinamanga kamtolo kanga ka munthu mmodzi.

Lamulungu titatuluka m'Misa, amalume a Rozina anandikokera pambali.

"Akamwini, mayi ake avomera. Mutengeni."

"Avomera?"

"Ati mukapita nokha muzikadya zophika zanu, ndiye mwanayo adzabadwa wamasiye. Koma pali mawu awiri. Mphika musadzakhudzenso. Ndipo masiku a Rozina akayandikira, mayi akewo abwera okha kudzamuphikira."

Ndinathokoza ndi manja awiri, osaganiza kuti kanyumba kakuphiri kaja kanali ka chipinda chimodzi, ndipo mkamwini sagona denga limodzi ndi apongozi ake. Anabweradi kumayambiriro kwa Juni, ndi mtolo wawo pamutu, ndipo anakhala miyezi itatu. Miyezi yonseyo, m'chisanu cha ku Dedza chija cholowa m'mafupa, ine ndinkagona m'kakhitchini ka panja nditadzipinda, mutu utatsamira miphika imene anandiletsa kukhudza.