Mkuntho ndi Lamba wa Kumutu

Lolemba

Katundu wafika! Tadala, mwana wanga amene amagwira ntchito ku Chipata, wapatsira mayi wina wogulitsa zitenje. Kajumbo kakang'ono, m'kati muli malamba akuda osokedwa pamodzi, kachitsulo kokolekapo chingwe, ndi pepala la Chingerezi. Akuti ndi lamba wa kumutu wa agalu okoka chingwe. Mbali ina imazungulira mphuno, ina imapita kuseri kwa makutu, chingwe chimakolekedwa pansi pa chibwano. Galu akakoka, mutu umatembenukira kwa mwini wake. Ndiye angathamangire bwanji kumene sakuyang'ana? Nzeru zake!

Ndikulemba pano kuti ndisadzakane: Loweruka kuli katemera wa chiwewe ku dibi, ndipo ine ndi galu wanga Mkuntho tikafika tikuyenda ngati anthu.

Chaka chatha anandikoka kuchokera pa mjigo mpaka m'ngalande, anthu akuonerera. Mwezi watha anagwetsa akazi anga, Anaphiri, bondo mpaka lero amamanga. Lero anena akusenda chinangwa, osandiyang'ana n'komwe: "Akakukokaninso Loweruka, apita kwa achimwene ku esiteti akalondere zigafa za fodya."

Galu amene ndinamutola m'munda wa mtedza akukwana m'chipewa changa? Ayi.

Dongosolo:
1. Lachiwiri: kuvala.
2. Lachitatu: pakhomo mpaka pa mjigo.
3. Lachinayi: msewu wa ku Mkanda.
4. Lachisanu: kubwereza, ngati mayeso akayandikira.
5. Loweruka: ulemu wanga ubwerere.

Ndinaphunzitsa ana a sitandade sikisi mpaka kupuma pa ntchito. Galu mmodzi ndi chiyani?

Lachiwiri

Pepala likuti muyambe ndi chakudya chimene galu amakonda. Ndagula bonya. Lamba dzanja lamanzere, bonya dzanja lamanja, galu alowetse mphuno yekha.

Walowetsadi mphuno. M'thumba la bonya. Yense watha.

Kachiwiri, ndi bonya amene ndatapa kukhitchini Anaphiri ali kudimba. Ndamuveka! Koma diso limodzi latsekeka, ndipo kachitsulo kali pamphumi ngati tochi. Ndamuveka mozondoka.

Kachitatu zatheka. Mkuntho waima zii, kenako wagwetsa mphuno pansi n'kuyamba kulima bwalo. Mzere umodzi kuchokera pa nkhokwe mpaka pa khola. Akupalasa nkhope ndi miyendo yonse yakutsogolo. Nkhuku zikumutsatira, kutola zimene wafukula.

Anaphiri, atangotula khasu: "Mwayamba kuveka galu kamisolo?"

Mphunzitsi sakhumudwa tsiku loyamba la teremu.

Zabwino za lero:
- Akutha kumwa madzi atavala.
- Akutha kuuwa.
- Akutha kudya. Kwambiri.

Lachitatu

Zikugwira ntchito!!! Masitepe khumi ndi awiri, chingwe chili lende. Wayesa kukoka, mutu watembenuka, wangopezeka akuyang'ana ine. Wadabwa. Nanenso ndadabwa. Zaka zinayi tikamayenda ndimangoona mchira wake, lero ndaona nkhope.

Sitepe yotsatira: wagona pakati pa msewu. Chagada, miyendo m'mwamba. Ndikumunyengerera, ndikumuitana mayina onse abwino amene ndikuwadziwa. Ayi ndithu. Wakabaza waliza belu, watilambalala, wabwereranso kudzaonetsetsa. "Madala, wafa?"

Sanafe. Akunyanyala.

Ndaima padzuwa mpaka mthunzi wasuntha. Amayi ochokera ku mjigo adutsa chapatali, ndowa pamutu, maso pa galu. Mmodzi: "Am'manga pakamwa. Ndiye kuti wayamba kuluma." Ndikuwafotokozera kuti si chotsekera pakamwa, taonani lilime lili panja lonse. Awonjezera liwiro, madzi akutayika.

Pobwerera ndamuvula lamba, ndamanga chingwe m'khosi ngati kale. Wadzuka nthawi yomweyo, wandikoka mpaka pakhomo.

Komabe masitepe khumi ndi awiri aja ndawaona ndi maso anga. Palibe angandilande.

Lachinayi

Nkhani yafika kale kumsika. Zimene ndamva m'mawa uno:
- Mkuntho waluma mwana.
- Mkuntho waluma ine.
- Mkuntho ali ndi chiwewe, ine ndikubisa.
- Lambayo ndi mankhwala a ku Zambia otetezera mtedza kwa akuba.

Chomalizachi sindikutsutsa. Mtedza uli pabwalo, ukuuma.

Masana, msewu wa ku Mkanda. Tikuyenda bwinobwino mpaka mbuzi za a Mbewe, aneba athu, zatulukira m'mapesi. Mkuntho wadumpha, mutu watembenuka, thupi latsatira, wandizungulira. Wadumphanso, wandizunguliranso. Katatu! Miyendo yanga yamangika ngati ya nkhuku yopita kumsika. Ndagwa chokhala pa chisoso. A Mbewe andimasula mwaulemu, osaseka. Akasekera kuseri kwa nyumba yawo. Ndamva.

Ndaimbira foni Tadala. "Adadi, pepalalo mwawerenga mbali zonse?"

Lili ndi mbali ina.

Mbali inayo ikuti: masiku oyamba galu azingovala kamphindi pakhomo, akudya, osayenda naye. Musamakoke mwadzidzidzi, mungamupweteke khosi. Agalu ena amazolowera pakatha masabata.

Masabata! Ine ndatsala ndi mawa.

Zaka zonse zija ndinkalalatira ana kuti awerenge malangizo onse asanayambe kuyankha. Izi sindiwauza Anaphiri.

Lachisanu

Tiyambirenso. Masabata atatu ndiwapanikiza m'tsiku limodzi: yoyamba m'mawa, yachiwiri masana, yachitatu dzuwa likapendeka.

Sabata yoyamba yayenda bwino zedi. Kuvala, bonya, kuvula. Kuvala, bonya, kuvula. Kachisanu wabweretsa mphuno yekha, mchira ukugwedezeka! Ndatsala pang'ono kugwetsa misozi.

Ndasiya lamba pampando kuti ndikamwe tiyi. Lambayo akununkhira bonya.

Sindinaganize.

Ndapeza zidutswa zitatu. Chachinayi ndikuganiza tichiona mawa kuseri kwa khola.

Njinga, ulendo wa ku Mkanda, kwa wosoka nsapato wa pansi pa mtengo wa mango. Watembenuza zidutswa, watembenuzanso. "Ng'ombe yake ndi yaing'ono bwanji, aphunzitsi?" Ndamujambulira pansi ndi kamtengo. Wasoka ndi ulusi wa nsapato, pamene panasowa waikapo lamba wa chikwama chakale cha sukulu. Wofiira. Akuti tsopano ndi wolimba kuposa mmene anachokera ku fakitale.

Sabata yachiwiri ndi yachitatu zalephereka. Pofika kunyumba nkhuku zikulowa m'khola.

Anaphiri afunsa ngati ndaona bonya wawo. Ndati mwina mphaka. Tilibe mphaka.

Loweruka

Tanyamuka m'mawa. Ine malaya oyera, Mkuntho lamba wake wa mitundu iwiri. Anaphiri atsogola pa kabaza, akuti akufuna akadzionere okha. Achimwene awo, alamu anga, tikawapeza konko ndi njinga ndi chingwe cha khonje. Abwera okonzeka.

Mpaka pa mlatho, bwino. Wakoka kanayi kokha, kanayi konse watembenuka. Ndayamba kuimba mluzu.

Kenako phokoso la agalu a ku dibi lamveka. Mkuntho waima, wabwerera chakumbuyo, wapukusa mutu kawiri. Lamba watsala m'manja mwanga. Ndinamanga mosalimbitsa, pomumvera chisoni.

Ndafika ku dibi ndili wefuwefu, ndikukoka chingwe chopanda galu. Zimene wachita ndisanafike:
- wasokoneza mzere wonse, agalu ndi eni ake;
- wagwetsa njinga ya alamu, pamodzi ndi mazira amene amabweretsera mlongo wawo;
- wadya mazirawo.

Alangizi a ziweto, mtsikana ndithu, wovala magambutsi: "Mwini wake wa uyu ndani?" Anthu onse aloza ine. Ena ndi ana anga a sukulu akale, ali ndi ndevu tsopano.

Alangiziwo sanakalipe. Atenga lamba, amuveka, akweza mbali ya kukhosi kufika kuseri kwenikweni kwa makutu, alimbitsa mpaka pangolowa chala chimodzi. Jakisoni walowa, Mkuntho osadziwa n'komwe, akunyambita mazira pamphuno.

"Chinthu chabwino ichi, aphunzitsi. Munayamba liti?" Lachiwiri. "Lachiwiri lake liti?" Lomweli. Aseka mpaka agwira tebulo. Akuti ndimupatse mwezi, pang'onopang'ono, ndipo akakoka ndizingoima mpaka asiye yekha.

Alamu, akupukuta chishalo ndi masamba: "Mlongo, galu uyu ku esiteti ayi. Ndili nawo kale mavuto anga."

Za malaya oyera sindilembapo.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu atatu andifunsa za mazira. Phewa likuwawa. Thalauzi la Lachinayi likadali ndi chisoso. Dongosolo lija ndalithothola m'bukumu, ndayatsira mbaula.

Koma Mkuntho wabayidwa katemera, ndipo ali pano, mutu pa phazi langa. Alibe kopita, palibe akumufuna. Ndavomera: mwezi. Mwina iwiri. Mwina mpaka mvula.

Dzuwa litapendeka, Anaphiri atenga lamba pa msomali. Amanga bonya pang'ono pa nsonga ya chitenje. "Bweretsa mphuno, iwe." Wabweretsa. Ayeza ndi chala chimodzi kuseri kwa makutu. Akuyenda pang'onopang'ono, galu pambali pawo. Wakoka kawiri. Iwo angoima, kuyang'ana mitambo, mpaka wachita manyazi n'kubwerera. Ayendanso.

Ndawafunsa kuti zimenezi aphunzira kuti.

"Ndakhala nanu zaka zingati, bambo?"

Kuyambira lero galu aziyenda ndi iwo. Ine andipatsa ndowa ya ku mjigo. Ndikuyenda pambuyo pawo, ndipo nanenso sindikukoka.