Khoko la Fodya la Apongozi

Lolemba
Anyani atsikanso m'phiri. Mizere ya chinangwa yatsala 30, ndipo chakudya chathu n'chomwechi mpaka mvula. Msewu wa ku Metangula ngotseka chifukwa cha nkhondo, ufa sudutsa. Ndafukula mfuti ya malemu bambo pansi pa nkhokwe. Chipolopolo ndilibe, koma nzeru zilipo. Katundu wanga:
chikombole cha bambo chofinyira makoko a zipolopolo, poti khoko likawombedwa limatupa, silibwereranso mumfuti;
makoko asanu ndi awiri, otola pomwe asilikali anawombera m'mwamba mwezi watha;
wonga m'kansupa;
nyundo.
Amake Rosa, mkazi wanga, akuti, "Bwanji osangokakhala kumunda muziimba chitini?" Chitini! Ine mwana wa mlenje!

Lachiwiri
Khoko loyamba likukana kulowa m'chikombole. Nyundo. Lalowa theka. Tsopano likukana kutuluka! Tsiku lathunthu ndikulitokosa ndi sipoko ya njinga. Chala changa chachikulu chatupa kuposa khokolo. Mizere 25.

Lachitatu
Vuto ndi kuuma basi, bambo ankapaka mafuta. Ndapungula mafuta ophikira otsiriza a amake Rosa iwo ali kunyanja. Khoko lina lapindika, lina lang'ambika kukamwa, lachitatu laterereka n'kugwera pakati pa abakha. Sindinalionenso, ndipo bakha mmodzi akuyenda modzimva. Usipa wa lero ngwamadzi okhaokha. M'nyumba palibe akundiyang'ana. Mizere 19.

Lachinayi
A Saidi okonza njinga abwera ndi maginito a wailesi yakufa. Angowayandikiza, makoko onse kakata! "Achimwene, mkuwa sugwira maginito. Ichi n'chitsulo chopaka utoto, cha mfuti za atropa, asilikali aja. Komanso n'chachifupi, mumfuti yanuyi nada, sichingagwire ntchito." Masiku atatu ndikumenyana ndi chitsulo! Nkhondo yonseyi, makoko ali mbwee dziko lonse, la mkuwa osandisiyira ngakhale limodzi. Mtima ukundiwawa. Kumunda sindinapite, ndikuopa kuwerenga.

Lachisanu
Khoko la mkuwa lenileni lilipo m'mudzi muno, limodzi lokha. Apongozi amasungiramo fodya wa m'mphuno. Anawapatsa ndi bambo tsiku la chinkhoswe chathu. Mkamwini sayankhula ndi apongozi maso ndi maso, choncho ndatuma amake Rosa kukalibwereka, ine ndabisala kuseri kwa mpanda. Yankho apongozi alipereka kwa nkhuku, mokweza: "Iwe nkhuku, ukawauze alenje kuti libwere lamoyo." Mizere 11, akutero amake Rosa. Anena kawiri.

Loweruka
Lalowa! Lalowa bwinobwino ngati dzanja m'thumba! Ndavina pabwalo. Polikoka kuti lituluke, thako lake lathothoka, thunthu latsalira m'kati. Khoko latha, chikombole chatsekeka, zonse pakamodzi. Ndisanapume n'komwe, wafika mkulu wa amilisiya, wamva kugogoda kwa sabata yonse. "Kamarada, mukusula chiyani kuno?" Ndati mbedza. "Mbedza zake zili kuti?" Ndati zikukana. Mfuti ili pansi pa mphasa, ine ndakhalapo, thukuta lili kamukamu. Wachoka atatenga nyundo yanga, akuti akaifunse mafunso.

Lamulungu
Mfuti yabwerera pansi pa nkhokwe. Apongozi amanga fodya wawo pansonga ya chitenje, ndipo akuyetsemula mondinena. Nkhuku aiuza zambiri lero, sindilemba. Makoko achitsulo otsala ndawaponya m'chitini, ndapita kumunda monga ananenera amake Rosa Lolemba lija. Phokoso lake ndi labwino zedi. Anyani athawa onse, mpaka wamkulu wawo wa chipsera pamphuno.

Mizere yatsala inayi. Rosa, mwana wanga, wandibweretsera madzi, wayang'ana maenje m'munda monse, n'kundifunsa kuti mwezi wamawa tidzadya chiyani. Ndangogwedeza chitini.